Kodi masewera a pa kompyuta angasinthe mtima wa wophunzira amene amaopa akaunti?

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundisautsa kuyambira pamene semesita yapitayi inatha. Ndimaphunzitsa kalasi yoyamba ya akaunti pa yunivesite, ndipo ambiri mwa ophunzira anga sanasankhe phunziroli mwa kufuna kwawo. Ena akuchita zamalonda, ena zachuma, ena zoyang'anira anthu pa ntchito, ndipo akaunti ndi khomo limene sangalilambalale ngati akufuna digiri. Tsiku loyamba ndimawafunsa chimene chimabwera m'mutu mwawo akamva mawu akuti akaunti, ndipo mayankho ake sasintha chaka ndi chaka: masamu ovuta, ntchito yotopetsa ya munthu wokhala pa desiki tsiku lonse, ndi malamulo a debiti ndi kirediti (mbali ziwiri zimene ndalama iliyonse imalembedwa m'mabuku) oyenera kungowaloweza pamtima popanda kufunsa chifukwa chake. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amakhoza mayeso, koma amatuluka m'chipinda cha mayesocho atatsimikiza kuti maganizo awo oyamba aja anali oona.

Anzanga ena ayamba kugwiritsa ntchito masewera a pa foni ndi pa kompyuta, ndipo akundiuza kuti kalasi imadzaza komanso ophunzira amaseka. Kuseka sindikukukana. Funso langa ndi lakuti, kodi masewerawa amasintha mmene wophunzira amaonera akaunti monga phunziro ndiponso monga ntchito, kapena amangofewetsa ola limodzi kenako mantha n'kubwerera pamalo pake? Amene munayesapo, chonde ndiuzeni zimene munaona, zabwino ndi zoipa zomwe.

Odita wopuma ntchito

Mayi Mphunzitsi, mundikhululukire kuti ndiyambe ndi kukayika. Ndinagwira ntchito yofufuza mabuku a makampani kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndikukuuzani mosabisa kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi yotopetsadi. Kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki mzere ndi mzere sikudzakhala kosangalatsa ngakhale mutakuveka nyimbo ndi nyenyezi zothwanima. Chimene ndikuopa n'chakuti wophunzira amene mwamukopa ndi masewera adzafika pa ntchito akuyembekezera chisangalalo, n'kupeza kuti chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtima umene ntchitoyi imafuna si chikondi ayi, koma kudekha ndi kukayikira. Mu 2002, Cynthia Cooper ndi gulu lake laling'ono la maodita a m'kati mwa kampani ya matelefoni ya WorldCom ku America anapeza kuti ndalama zokwana madola 3.8 biliyoni, zimene zinali zolipirira kugwiritsa ntchito mawaya a matelefoni a makampani ena, zinalembedwa ngati zogulira katundu wokhalitsa, n'cholinga choti phindu lioneke lalikulu. Anazipeza potsata manambala mmodzimmodzi, nthawi zambiri usiku. Ndiuzeni masewera amene amaphunzitsa munthu kukhala pansi maola ambiri popanda wina womuombera m'manja.

Wofufuza za maphunziro

Bambo Odita, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ndikuona kuti tisanatsutsane tiyambe tasiyanitsa zinthu zimene tikuzitchula ndi dzina limodzi. Pali mafunso ampikisano monga a Kahoot!, pulogalamu yochokera ku Norway imene inatulutsidwa mu 2013, pomwe funso limaonekera kutsogolo ndipo aliyense amayankha pa foni yake. Pali kutenga kalasi wamba n'kuiwonjezera mapointi, mabaji ndi mndandanda wa opambana, zimene Angerezi amazitcha gamification. Ndiye pali masewera oyerekezera bizinesi, pomwe wophunzira amayendetsa kampani yongopeka, kupanga zisankho ndi kulemba mabuku ake. Zitatuzi zimagwira mtima wa wophunzira m'njira zosiyana kwambiri.

Mtundu wachitatuwu si wachilendo konse. Mary Birshtein anakonza masewera oyerekezera kayendetsedwe ka fakitale ku Leningrad mu 1932, ndipo bungwe la American Management Association linali ndi masewera ake a mabwana a makampani m'zaka za m'ma 1950. Pa akaunti penipeni, W. Robert Knechel analemba mu 1989 za kugwiritsa ntchito Monopoly, masewera a pa tebulo ogula malo ndi kulipiritsa lendi, m'malo mwa mulu wa mafunso olembedwa kale: ophunzira ankasewera, n'kumalemba m'mabuku chilichonse chimene agula, lendi imene alandira kapena kulipira, ndipo pomaliza ankakonza malipoti a zachuma kuchokera pa zimene iwo eni anachita. Kompyuta sinabweretse ganizo latsopano. Inangochititsa kuti zotsatira zibwere msanga ndiponso kuti kalasi yaikulu ithe kusewera nthawi imodzi.

Za mtundu wachiwiri uja, pali chenjezo. Michael Hanus ndi Jesse Fox anafalitsa mu 2015 zotsatira za kafukufuku wa masabata 16, pomwe anayerekezera makalasi awiri a pa yunivesite, imodzi yokhala ndi mabaji ndi mndandanda wa opambana, ina yopanda zimenezi. Chidwi ndi kukhutira zinatsika m'kupita kwa nthawi mwa ophunzira a kalasi ya mabaji, ndipo zimenezi zinakhudzanso malikisi awo a mayeso omaliza. Phunzirolo silinali la akaunti, komabe limatikumbutsa kuti mapointi si mankhwala ochiza chilichonse.

Wophunzira wa chaka chachitatu

Akuluakulu, ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene anakhalapo pa mpando wa wosewera. M'chaka choyamba tinkachita mafunso ampikisano a pa foni sabata iliyonse. Masabata awiri oyamba zinali zosangalatsa. Kenako ndinazindikira kuti mapointi ankapita kwa wofulumira kudina, ndipo ine ndimawerenga funso kawiri ndisanayankhe. Nthawi zambiri ndinkapeza yankho lolondola koma mochedwa, ndipo mayina amene ankaonekera pamwamba anali a anthu asanu omwewo amene anachitapo akaunti ku sekondale. Pofika pakati pa semesita ndinali nditadziuza kuti phunziroli lili ndi eni ake, ndipo ine sindili m'gulu lawo.

Chimene chinanditembenuza chinabwera m'chaka chachiwiri. Tinapatsidwa kampani yongopeka pa kompyuta, gulu lililonse anthu anayi, ndi mpamba wa 50,000 wa ndalama za m'masewera. Tinagula katundu wa 40,000 n'kulipiriratu. Pofuna kugonjetsa magulu ena tinalola makasitomala kutenga pa ngongole ya masiku 60, ndipo katundu yense anatha pa mtengo wa 60,000. Malipiro a antchito ndi lendi zinali 12,000. Lipoti lathu linaonetsa phindu la 8,000, ndipo tinayamba kunyadira. Titadina kuti mwezi utseke, kompyuta inatiuza kuti ku banki kuli 10,000 yokha, antchito sangalipidwe mokwanira, ndipo inatikakamiza kutenga ngongole yadzidzidzi ya chiwongoladzanja chachikulu.

Tinakangana usiku wonse, wina akuti pulogalamuyo yalakwitsa, wina akuti talemba molakwika. Palibe chinalakwika. Aphunzitsi anali atatiuza kangapo m'chaka choyamba kuti phindu si ndalama za m'manja, ndipo ndinali nditayankha bwino funso limeneli pa mayeso, koma tsiku limenelo m'pamene ndinakhulupirira. Kuyambira pamenepo lipoti la kayendedwe ka ndalama ndimaliwerenga ngati kalata yondichenjeza, osati ngati ntchito yoti ndipereke kwa aphunzitsi.

Wopanga mapulogalamu

Zimene mng'ono wathuyu wafotokoza zikugwirizana ndi muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndikamaona masewera ophunzitsira. Chotsani mafunso a akaunti m'masewerawo, muikemo mafunso a mayina a mitsinje kapena zaka za nkhondo. Ngati masewerawo akuyendabe bwinobwino, ndiye kuti si masewera a akaunti. Ndi mpikisano chabe umene akaunti yangokwera ngati mlendo. Wophunzira si wopusa. Amaona kuti chokoma ndi mpikisanowo, ndipo akaunti ndi msonkho umene ayenera kulipira kuti apitirize kusewera. Mwanjira imeneyi mumalimbikitsa ganizo lomwe mumafuna kulichotsa, lakuti phunziroli palokha ndi lowawa ndipo liyenera kubisidwa.

M'masewera okonzedwa bwino, kuwerenga manambala ndiko kusewerako. Simungapambane popanda kudziwa kuti katundu wanu wakudyerani zingati, ndani ali nanu ngongole, ndipo mudzalipira liti. Ngakhale Lemonade Stand, masewera osavuta amene anakonzedwa ku Minnesota mu 1973 n'kudzatchuka pa makompyuta a Apple II, anali ndi mzimu umenewu: wosewera ankasankha kuchuluka kwa zogulitsa, mtengo wake ndi ndalama zotsatsira malonda, kenako n'kuona phindu kapena kuluza kwa tsikulo. Kumapeto ena kuli ERPsim ya ku sukulu ya zamalonda ya HEC Montréal ku Canada, pomwe magulu amayendetsa kampani m'kati mwa pulogalamu yeniyeni ya SAP imene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito, masiku a malonda akuthamanga mofulumira, kotero kuti amene sadziwa kupeza lipoti loyenera amangoona katundu akutha m'nyumba yosungiramo iye asanazindikire.

Odita wopuma ntchito

Mwana wanga wa chaka chachitatu, nkhani yako yandigwira mtima, ndipo ndikuvomera kuti phunziro limenelo ambiri amaliphunzira mochedwa ndi ndalama zenizeni. Kampani yaikulu ya masitolo ya W. T. Grant ku America inagwa mu 1975 itakhala ikuonetsa phindu kwa zaka zambiri pamene malonda ake sankabweretsa ndalama zokwanira m'manja. Ngati masewera angakuphunzitse zimenezo usanakwanitse zaka makumi awiri ndi ziwiri, sindingawanyoze. Ndikumbukirenso, podzitsutsa ndekha, kuti Luca Pacioli, amene anasindikiza kufotokoza kwa kalembedwe ka mbali ziwiri, debiti ndi kirediti, ku Venice mu 1494, analembanso buku la masewera a chess ndi lina la zophiphiritsa za masamu. Zikuoneka kuti gogo wathu wa ntchitoyi sankadana ndi kusewera.

Komabe ndili ndi nkhawa ina yoposa yoyamba ija. Achimwene opanga mapulogalamu, m'masewera anuwo amapambana ndani? Ngati wopambana ndi amene waonetsa phindu lalikulu, ndiye kuti wophunzira wochenjera adzazindikira msanga kuti phindu lingathe kukwezedwa ndi cholembera. Makina a 20,000 ukawagawa pa zaka 4, chaka chilichonse umachotsa 5,000 pa phindu. Ukanena kuti akhala zaka 10, umachotsa 2,000 yokha, ndipo phindu lakwera ndi 3,000 popanda kugulitsa kanthu kena kalikonse. Izi si nthano. Mu 1998 kampani ya Waste Management inakakamizika kukonzanso malipoti ake ndi madola pafupifupi 1.7 biliyoni, ndipo imodzi mwa njira zimene inkagwiritsa ntchito inali kutalikitsa zaka zimene magalimoto ake otaya zinyalala ankayenera kugwira ntchito. Wophunzira amene wapeza chinyengo chotere m'masewera, n'kuomberedwa m'manja ndi kalasi yonse, mwamusinthadi mtima, koma mwaulozetsa kolakwika. Ndiponso m'masewera muli batani loyambiranso. Pa ntchito, siginecha yako ikakhala pa lipoti, yakhala.

Akauntanti wa pa kampani

Bambo Odita mwakhudza pamene ine ndimafuna kufika. Ndimalandira achinyamata ongomaliza kumene maphunziro, ndipo vuto limene ndimaliona si ulesi kapena kudana ndi ntchito. Vuto n'lakuti amakhulupirira kompyuta mopitirira muyeso. Masiku ano munthu amalowetsa invoisi, pulogalamu n'kulemba yokha mbali ya debiti ndi ya kirediti, ndipo trial balance, mndandanda wofananitsa debiti yonse ndi kirediti yonse, imagwirizana nthawi zonse. Wachinyamata akaona kuti mbali ziwiri zafanana amaganiza kuti zonse zili bwino, osadziwa kuti ndalama ingathe kulowa mu akaunti yolakwika, kapena kulembedwa kawiri, kapena kusalembedwa n'komwe, mbali ziwirizo n'kumafananabe. Ngati masewera nawonso akumulembera mabuku iye n'kumangosankha mitengo, ndiye kuti akuphunzira malonda, osati akaunti.

Pa nkhawa ya chinyengo ija, yankho lake ndikuliona m'masewera momwemo. Gulu lililonse likatseka mabuku ake, liwapereke ku gulu lina kuti liwafufuze. Ofufuzawo apeze mapointi akagwira cholakwika chenicheni, ndipo ataye mapointi akaneneza anzawo popanda umboni. Gulu limene lasintha zaka za makina lifotokoze chifukwa chake pamaso pa kalasi. Pamenepo wophunzira amaona mbali ya ntchitoyi imene sankaiganizira: kuti manambala amatetezedwa ndi mawu, kuti pali kuweruza, ndiponso kuti anthu awiri oona mtima angathe kusiyana maganizo pa nambala imodzi. Ine ndinayamba kuikonda ntchitoyi tsiku limene ndinazindikira kuti si masamu okhala ndi yankho limodzi kumapeto kwa buku.

Wofufuza za maphunziro

Ganizo la Mayi Akauntanti ndi labwino, ndipo likugwirizana ndi zimene akatswiri a zamaganizo Edward Deci ndi Richard Ryan akhala akunena kwa zaka zambiri, kuti chidwi chochokera m'kati mwa munthu chimakula pamene akumva kuti ali ndi ufulu wosankha, kuti akutha chimene akuchita, ndiponso kuti ali pamodzi ndi anzake. Nkhani ya wophunzira wathu ili ndi zonse zitatu, pamene mpikisano wa liwiro uja unamulanda chachiwiricho.

Pali mfundo ina yochenjera pang'ono pa nkhani ya mphotho. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anaona kuti ana aang'ono amene ankakonda kale kujambula, atalonjezedwa satifiketi chifukwa chojambula, pambuyo pake ankajambula mochepa pa nthawi yawo yosewera poyerekeza ndi anzawo amene sanalonjezedwe kanthu. Koma onani kuti anawo ankakonda kale chinthucho. Ophunzira a Mayi Mphunzitsi ambiri alibe chikondi choti mphotho ingachiwononge. Kwa iwo mapointi angathe kukhala chowalowetsa pakhomo, malinga ngati m'nyumbamo muli kanthu koti akapeze.

Tsopano ndifike pa funso lenileni, la mmene tingadziwire kuti mtima wasintha. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mphunzitsi amagawa mafunso atangomaliza kusewera, ophunzira akadali ndi chimwemwe, n'kufunsa ngati asangalala. Onse amavomera, ndipo iye amalemba kuti masewera asintha maganizo awo pa akaunti. Chimene wayeza ndi maganizo awo pa masewerawo, ndiponso chisangalalo cha chinthu chachilendo, chimene chimazilala. Komanso wophunzira amadziwa kuti wofunsayo ndi yemwe adzachonge mayeso ake. Ngati mukufuna kudziwa zoona, funsani kumayambiriro kwa semesita, kumapeto kwake, ndiponso semesita yotsatira pamene masewera aiwalika. Mayankho akhale opanda mayina ndipo atoleredwe ndi munthu wina. Mafunso asiyanitse zimene wophunzira amakhulupirira za akaunti, mmene amamvera akakumana nayo, ndi zimene akufuna kuchita nayo. Kenako yang'anani zochita zawo: ndi angati amene asankha okha kalasi yachiwiri ya akaunti pamene sakukakamizidwa? Pakhalenso gulu lina loyerekezera nalo, ndipo ophunzira asasankhe okha gulu lolowa, chifukwa okonda masewera ndi amene angathamangire kumeneko.

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Wofufuza, mwandigwira, chifukwa fomu imene ndinali nditakonza inali ndendende ya mtundu umene mwaudzudzulawo. Koma ndiloleni nditsike pansi pang'ono. Kalasi yanga ili ndi ophunzira oposa mazana atatu, silabasi ndi yodzaza, ndipo sabata iliyonse imene ndingapereke ku masewera ndiyenera kuichotsa pa mutu wina umene udzabwera pa mayeso. Si onse amene ali ndi laputopu, ndipo mapulogalamu akuluakulu amene mwatchulawo amafuna chilolezo cholipira ndiponso mphunzitsi wophunzitsidwa bwino. Funso lina limene likundizunguza ndi la malikisi. Ndikapanda kupereka malikisi, theka la kalasi silidzabwera. Ndikapereka, si masewera ayi, asanduka mayeso ovala chigoba.

Wopanga mapulogalamu

Mayi Mphunzitsi, ngakhale kuti ntchito yanga ndi yopanga mapulogalamu, ndikulangizani kuti musayambe ndi kugula kanthu. Masewera amene mng'ono wathu wafotokoza angathe kumangidwa pa Excel kapena Google Sheets. Gulu lililonse limatumiza zisankho zitatu kapena zinayi pa sabata: mtengo wogulitsira, kuchuluka kwa katundu wogula, masiku a ngongole, ndi kubwereka kapena kusabwereka. Inu muli ndi tsamba limodzi limene limagawa makasitomala malinga ndi zisankho za magulu onse, n'kubwezera gulu lililonse mndandanda wa zimene zachitika, osati malipoti okonzedwa kale. Mabuku alembe okha, monga Mayi Akauntanti anenera. Chipangizo chimodzi pa gulu n'chokwanira, ndipo ntchito yambiri ingachitike popanda intaneti. N'zoseketsa kuti pulogalamu yoyamba yotchuka ya mtundu wa Excel, VisiCalc ya mu 1979, inabadwa m'mutu mwa Dan Bricklin pamene anali wophunzira wa zamalonda ku Harvard, atatopa ndi kuwerengeranso manambala onse nambala imodzi ikasintha.

Ophunzira mazana atatu m'magulu a anthu asanu ndi magulu 60. Musawaike onse pa msika umodzi kapena pa mndandanda umodzi wa opambana, chifukwa gulu la nambala 58 lidzataya mtima sabata yachiwiri. Agaweni m'misika ya magulu asanu kapena asanu ndi limodzi, kuti aliyense aziona kuti woyamba ali pafupi.

Za batani loyambiranso limene Bambo Odita akudandaula nalo, ine ndikuliona mosiyana. Oyendetsa ndege amaphunzira m'makina oyerekezera n'cholinga choti agwe kambirimbiri popanda kufa munthu. Koma ndikuvomera kuti m'kati mwa semesita zisankho zisamabwezedwe. Gulu likalowa m'ngongole likhale nayo mpaka kumapeto.

Wophunzira wa chaka chachitatu

Pa nkhani ya malikisi, Aphunzitsi, ife tinapatsidwa malikisi chifukwa cha kulondola kwa mabuku ndi tsamba limodzi lofotokoza chifukwa chimene kampani yathu inachitira bwino kapena moipa. Kupambana pa msika kunalibe malikisi, kunali ulemu chabe. Gulu lathu linamaliza pafupi ndi kumapeto, koma tinapeza malikisi apamwamba chifukwa tinatha kulongosola bwino mmene tinadziphera tokha. Zikanakhala kuti malikisi akutsata phindu, sitikanayesa kanthu koopsa, ndipo sitikanaphunzira chimene tinaphunzira.

Chimodzi chokha chimene ndingachenjeze n'chakuti m'gulu mumapezeka munthu mmodzi wodziwa kale akaunti, ndipo ena onse amamusiyira mabuku iwo n'kumasangalala ndi kusankha mitengo. M'gulu lathu zinali choncho mpaka aphunzitsi analamula kuti wolemba mabuku azisintha sabata iliyonse, ndipo wofotokoza pamaso pa kalasi azisankhidwa mwamaere. Sabata imene inali yanga ndinatuluka thukuta, koma ndi sabata imene ndinamvetsa chifukwa chake ngongole ya kasitomala imakhala mbali ya debiti.

Wofufuza za maphunziro

Pa nkhawa ya silabasi, Mayi Mphunzitsi, mkangano umenewu ndi wakale. Ku America, bungwe la Accounting Education Change Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, linatulutsa chikalata mu 1992 chonena za kalasi yoyamba ya akaunti. Mfundo yake inali yakuti kalasi imeneyi ndi yofunika mwapadera chifukwa imaumba maganizo a amene adzakhale maakauntanti ndi amene sadzakhala, ndipo iyenera kuonetsa mmene uthenga wa akaunti umathandizira popanga zisankho, osati kungophunzitsa kalembedwe ka mabuku. Ambiri mwa ophunzira anu sadzalemba leja (buku lalikulu la maakaunti) moyo wawo wonse, koma adzakhala mamanijala amene adzalandira malipoti, ndipo adzasankha kuwawerenga kapena kuwaika m'kabati. Ndikanakhala inu, sindikanaona masewerawa ngati mutu wowonjezera. Mitu ya katundu wotsala, ngongole za makasitomala ndi kayendedwe ka ndalama ili kale pa silabasi yanu. Zitsanzo za m'buku zingolowedwa m'malo ndi manambala a makampani a ophunzirawo.

Chimene simuyenera kuchidumpha, ngakhale nthawi itachepa bwanji, ndi kukambirana pambuyo pa gawo lililonse. Wophunzira wathu anakangana ndi anzake usiku wonse, koma pali magulu ena amene akanangonena kuti kompyuta yawabera n'kukagona. Mphindi khumi ndi zisanu zimene mphunzitsi amaika manambala a magulu awiri kutsogolo n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani awa ali ndi phindu koma alibe ndalama, ndi zimene zimasandutsa chochitika kukhala phunziro.

Akauntanti wa pa kampani

Ndiwonjezere kachinthu kamodzi kuchokera ku mbali ya olemba ntchito. Wachinyamata akabwera ku intavyu n'kundiuza kuti amakonda akaunti, sindilemba kanthu, chifukwa onse amatero. Akandiuza kuti nthawi ina anayendetsa kampani yongopeka n'kuigwetsa chifukwa chopereka ngongole mosasamala, ndimaika cholembera pansi n'kuyamba kumufunsa mafunso enieni. Komabe ndisakunamizeni, Bambo Odita sanalakwitse pa chiyambi paja. Kumapeto kwa mwezi kuno kulibe mapointi, ndipo pali achinyamata ena amene amachoka chaka chisanathe. Masewera asamabise zimenezi. Mulole kuti mukhale sabata imodzi imene ntchito yake ndi kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki basi, ndipo gulu limene silinamalize lisaloledwe kutumiza zisankho za sabata yotsatira.

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Ndaganiza zoyesa ndi misika iwiri yokha semesita ikubwerayi, kwa masabata asanu ndi limodzi, magulu ake osankhidwa mwamaere, kuti otsalawo akhale oyerekezera nawo monga Mayi Wofufuza alangizira. Ngati zingayende bwino, otsalawo adzasewera m'theka lachiwiri la semesita kuti pasakhale wodandaula kuti wamanidwa. Mafunso ampikisano a pa foni sindiwataya, koma ndizimitsa mapointi pa mafunso ofuna kuganiza, ndipo ndiziwagwiritsa ntchito pongofuna kudziwa pamene kalasi yasokonezeka. Chimene sindinachipezere njira ndi gawo la kufufuzana mabuku, chifukwa ophunzira a chaka choyamba sadziwa n'komwe kuti cholakwika chimaoneka bwanji. Bambo Odita, popeza ndinu munayamba ndi kukayika, kodi mungalole kundithandiza kukonza mabuku a kampani imodzi yongopeka, mutabisamo zolakwika zimene munkakumana nazo pa ntchito, kuti ayambe kuyeserera pamenepo?

Odita wopuma ntchito

Mayi Mphunzitsi, mwandikola ndi mawu anga omwe, ndipo ndavomera, ngakhale kuti kukayika kwanga ndikusunga mpaka titaona kuti ndi angati amene adzalembetse kalasi yachiwiri. Ndibisamo zolakwika zisanu. Zinayi zikhala za mtundu umene Mayi Akauntanti anatchula, zimene trial balance singazigwire: invoisi yolembedwa kawiri, kukonzetsa galimoto kolembedwa ngati kugula galimoto, malonda a mwezi wamawa olowetsedwa mwezi uno, ndi bilu ya magetsi yosalembedwa konse. Chachisanu chikhala chosavuta, choti chiwapatse mtima: penapake ndidzalemba 540 mbali imodzi ndi 450 mbali inayo. Musawauze kanthu. Asiyeni avutike ndi kusiyana kwa 90 kwa kanthawi, kenako muwafunse kuti agawe nambalayo ndi 9. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Munditumizire mndandanda wa maakaunti amene mukufuna kuti agwiritsidwe ntchito, ndipo mundiuze ngati afika kale pa mutu wa katundu wotsala kumapeto kwa mwezi, kuti ndidziwe ngati ndingabisenso kanthu kumeneko.